Tsiku limene apongozi anafunditsa laputopu

Kwathu kuli wailesi ya mabatani ambiri kuposa wailesi ina iliyonse m'boma la Dowa. Poyamba inali laputopu. Amene ndinaisandutsa wailesi ndine, ngakhale kuti pa nthawi ya ngoziyo ndinali nditakhala patali, manja ali pamaondo.

Zinachitika matipate atakhazikika, anthu akulankhula zakukhosi m'basi, pachigayo, ngakhale pamaliro. Ine ndinali mphunzitsi, ndili pachikamwini kwawo kwa mkazi wanga Nachisale cha ku Bowe. Ufulu wolankhulawo unafika dziko lonse, koma pakati pa ine ndi apongozi anga aakazi sunadutsepo. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire. Tikafuna kuuzana kanthu, mawu ankadzera mwa Nachisale ngakhale tonse tili pabwalo limodzi. Ndinkanyadira nazo (anthu ankati mkamwini waulemu ngati ine sanaonekepo m'mudzimo, ndipo ine sindinkatsutsa).

Mlamu wanga Gilibati anali atatha zaka ku Joni osabwera, poti mapepala ake sanali bwino. Mkazi wake atachira kumeneko, Gilibati anatumiza laputopu yakale kudzera mwa mnzake wapaulendo. Mkati munali kanema wa khandalo, kuti agogo ake alione nkhope n'kulitcha dzina. Mnzakeyo anandionetsa podina, kenaka anaitembenuza n'kundilozera timabowo ta pansi ndi m'mbali.

“Aphunzitsi, iyi ndi ya pakaunjika, yakalamba. Imapumira umu. Mukatseka imatentha, ndiye kachipangizo kotulutsa zithunzi kamapsa. Muziika pathebulo basi.”

Ndinagwedeza mutu ngati munthu wobadwira m'makompyuta. Loweruka ndinapalasa njinga kukatchaja batire ku Madisi. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinatulutsa thebulo pakhonde. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinadina podina paja, n'kuthawira pachitsa changa pafupi ndi chigafa cha fodya kuti apongozi afike momasuka.

Khanda linaoneka chapatali, lili pabedi, litavala thewera lokha. Mawu a Gilibati anamveka: “Amayi, mdzukulu wanu uyu.” Nachisale analulutira, ndipo nthawi yomweyo anathamanga kukaitana azakhali ake kutsidya kwa dambo. Womasulira wanga anapita choncho. Pabwalo tinatsala ine, apongozi ndi nkhuku.

Maso a apongozi anali atayamba kale kuchita chifunga. Anasuzumira, anapendeka mutu, kenaka ananyamula laputopu ija n'kukhala nayo pamphasa, ataikhazika pamiyendo. Timabowo ta pansi tinatsekeka. Ndinatsokomola. Sanacheuke.

“Mwana osamuveka chonchi?” anatero okha. “Amati ku Joni kumazizira. Atsikana a masiku ano!”

Anamasula chitenje chapamwamba n'kuizunguliza laputopu m'mbali monse, n'kuonjezera shawelo yawo yakutchalitchi. (Musaganize kuti sankadziwa kuti n'chithunzi. Ankadziwa. Nsaluyo inkawatchingira dzuwa kuti aone bwino, komanso manja a gogo akaona khanda sakhala chete.)

Apa chofunika chinali kuimirira, kupita pamphasa paja, n'kuchotsa nsalu pamiyendo ya apongozi. Mkamwini aliyense amene akuwerenga nkhaniyi wamva kale thukuta. Ine ndinasankha njira yaulemu. Ndinayang'ana tambala amene ankapalasa pafupi n'kumuuza mokweza ndithu:

“Makina ena safuna kufunda.”

Apongozi nawo anayang'ana tambala yemweyo.

“Amuna adziwa chiyani za makanda?”

Tambala anachokapo. Mkati mwa shawelo kafani koziziritsa makinawo kanayamba kulira ngati chigayo cha patali. Ndinayesanso, tsopano kudzera mwa mbuzi.

“Akuti chikatentha chimapsa.”

“Ee, kafundidwe kake ngati mwana weniweni,” anatero apongozi, uku akuigwedeza pang'onopang'ono.

Ndikanatha kukuwa. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chikubwera, ndipo mtima unkandiwawa. Koma ndinaona kuti ulemu wa zaka zonse zija sungathere pa makina, choncho ndinayamba kuyang'ana kudambo ngati Nachisale akubwera.

Mu kanema muja Gilibati anati, “Dikirani ndiyandikire, mumuone nkhope.” Pomwepo pagalasi panadutsa mizere yobiriwira. Bedi linaduka pakati, mwana anasanduka timabokosi tofiirira, kenaka bii, mdima. Koma mawu sanasiye.

“Taonani mphunoyi, amayi. Si ya malemu bambo imeneyi?”

Apongozi anapukuta galasi ndi chikhato. Anapukutanso. Kenaka anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chilowereni ine m'mudzimo.

“Bambo a Chikondi, munkadziwa?”

“Ndinkadziwa, amayi.”

“Nanga pakamwa munasiya kuti?”

Nachisale anafika ndi azakhali akupuma wefuwefu, n'kutipeza tikulankhulana. Azakhaliwo anadabwa kwambiri ndi zimenezo kuposa za laputopu.

Wokonza makompyuta ku Lilongwe anaitsegula, anainunkhiza, n'kunena kuti kachipangizo kaja kanali kodwala kale, shawelo yangomaliza. Anati n'komatiriridwa ku bolodi ya m'kati mwa makinawo, china cha mtundu wake sichingapezeke, ndipo kanemayo analibe chomukoperamo. Ndinabwera nayo kumudzi itangotsala ndi pakamwa.

Apongozi anamutcha mwanayo dzina la malemu amuna awo, pokhulupirira mawu a Gilibati. Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse ndinkadina mabatani mwapamtima, pagalasi pali mdima, iwo n'kumamvetsera mdzukulu akulira. Laputopu ankaisiya pathebulo, osaikhudza. Ine ndikadina ndinkabwerera pachitsa changa, chifukwa chizolowezi sichipsa msanga ngati kachipangizo.

Patapita zaka apongozi anamwalira, ndipo Gilibati anabwera ndi mwanayo pa maliro awo. Kamnyamata kanatsika m'galimoto, aliyense anagwira pakamwa: mphuno inali ija ndithu, ya malemu bambo ake a Gilibati. Pamwambowo mkulu wina wa mpingo anaimirira n'kundiyamikira kuti pa akamwini onse, ine ndekha sindinawayankhepo apongozi mawu olakwika. Anthu anavomereza. Ine ndinangowerama, poti kukhala chete ndiye ndimakutha.