Asewele anga, mpweya wawo ndi kalavani yathu

Malemu Don Evaristo Huenchul anali mwana wa Nicanor ndi Fidelia, ndipo anabereka awiri: Tito, ndi Zulema amene anakwatiwa ndi mwana wanga Lisandro. Kuno ku Trevelin tinkawadziwa ndi chinthu chimodzi: kupemerera mapaipi a makalavani ndi pakamwa.

Meyi akafika, chisanu chili pakhomo, aliyense amakhuthula madzi m'kalavani, poti akaundana m'paipi amaiphulitsa. Anzathu amachotsa otsalira ndi makina a mpweya. Asewele anga ankati makinawo ndi a anthu opanda chifuwa. Paunyamata ankaimba lipenga, ndiye akaluma paipi n'kufufuma masaya, madzi ankathawa ngati aona apolisi. Amati tsiku lina anapemerera ya mlendo wa ku Rosario, kumpopi kunatuluka chule ndi mkazi wake.

Ifenso tili nayo, yosiya malemu amuna anga, yomwe timagonamo kunyanja chilimwe chilichonse ndi adzukulu. Ana anga anali atanena kale kuti mapaipi akadzaphulikanso aigulitsa.

Chaka chatha kamdzukulu kathu, Delfina, kanalira mpaka agalu a kutsidya anayankha. Asewele anadziguguda pachifuwa.

"Mwamva? Mapapo a kwa Huenchul amenewo!"

"A kwathu kwa Barría!" ndinatero. "Kwanu mumalira ngati mphaka wonyowa."

"Ndiye kalavaniyo mupemerere nokha, asewele."

"Ndipemerera! Mukuyesa n'zovuta?"

"Ikatuluka m'chisanu yamoyo, ndidzaima kunyanja pamaso pa ana onse n'kunena kuti chifuwa cha mwanayu n'cha kwanu," iwo anatero.

M'mawa mwake ndinakhuthula thanki, n'kugwada pansi ndi nyamakazi yangayi, paipi kukamwa. Iwo anali atatsamira mpanda, chipewa chili pamphuno. Ndinapemerera mpaka ndinaona nyenyezi masanasana, koma osatuluka ngakhale dontho.

"Asewele, tsegulani mipopi kaye! Mpweyawo utulukira kuti, m'makutu?"

Ndinadziwa kuti akunena zoona, koma poti ananena ndi iwo, sindinatsegule. Ndinakokanso mpweya. Madzi ozizira anabwerera onse kumaso, mano anga oikirira n'kugwera mu udzu.

"Musawasiye pamenepo," anatero, "nkhuku zingayambe kuluma anthu."

Ndinayankha, koma popanda mano ngakhale ine sindinamve zimene ndinanena. Atapita ndinatsegula mipopi ija mwakachetechete, ndipo panadontha timadzi tosadzaza n'kapu yomwe.

Mu Julayi chibayo chinawatenga asewele. Munthu wa chifuwa chotero, kupita ndi chifuwa.

Kutayamba kufunda, Lisandro anadzaza thanki. Paipi iliyonse inali bwinobwino. Za kugulitsa palibe anazitchulanso. Ndili mkati movina, Zulema anati, "Amayi, pajatu tsiku lija mutapita kutchalitchi ababa anabwera. Anapemerera yonse, akutsokomola, n'kundiletsa kukuuzani."

Ndinamuuza mpongozi wangayo kuti bodza si labwino.

Meyi uno m'tauni monse mukungolira makina, ngati udzudzu. Palibe wotsamira mpanda wanga kuti andinyoze, ndipo nditatsegula mipopi ndekha ndinapezeka ndatembenukira komweko.

Koma pangano ndi pangano. Iwo anati kalavani ikatuluka yamoyo. Sanati wapemerera ndani. Ana onse anasonkhana kunyanja, mawu aja sananenedwe. Asewele, musaganize kuti mwazemba. Ndikubwera komwe muliko, ndipo mudzawanena pamaso pa makolo anu, Nicanor ndi Fidelia.