Mmene Ndinalizila Sinthi ya Mabvuto

Amene akuti ndinama achoke pamzele, chigayo ichi sichigaya chimanga cha anthu okayika. Inu Amake Tisa, tsekani pakamwa, gaga angalowe. Ndati ine Tikambenji, amene sukulu ndinangoionela pawindo, ndine ndinapeza kulila kuja munavina pa ukwati wa ku Kacholola mpaka nsapato kutha.

Mdzukulu wanga Mabvuto, munthu wa ndevu zake, anagulitsa ng'ombe yolimila n'kugula bokosi lakuda la mano ngati kibodi ya kuchalichi, koma pamwamba tumakutu topotokola mbwee ngati nkhupakupa pa galu. Akuti sinthi. Mkwati wa ku Kacholola uja, pomuitana kukaimba, anali atamuuza kuti akalowa ndi kulila kwa tilansi, nyimbo za m'madisiko akale, kuja kokwela m'mwamba mpaka tsitsi kuima. Mkazi wa Mabvuto naye anaika lake: "Atate ake Lute, mukalephela pa Chiwelu, tsiku la ukwati, bokosi lipita, ng'ombe ibwela. Mvula ili pafupi."

Mwamuna anapotokola, anapotokola, anaonda, bokosi likungolila ngati mbuzi yomangidwa panjinga. Ndikafunsa, akuti, "Ambuya, mkatimu muli macheka oimba, simungamvetse." Ine! Ine amene ndinamuphunzitsa kupukuta mamina!

M'mawa wa Chisanu anapita kukasamba, bokosi analisiya likubweleza kanyimbo kake kodwala. Ndinatchela khutu, ndinati matenda ndawaona, machekawa akuimba mofanana ngati ana oopa tichala. Ndinagwila khutu loyamba la bokosi kuti asiyane pang'ono, monga timaimbila ife azimayi a kwaya, wina pamwamba pang'ono, wina pansi pang'ono, wina wachedwa poyang'ana chitenge cha mnzake, ndipo mawu aja ananenepa ine ndikuona, ananenepa mpaka sanathe kutuluka pakhomo, anachita kukweza malata. Mukumva? Khutu lachiwili linatsegula kukhosi pang'onopang'ono ngati chipata cha khola, mawu n'kuyamba kuwala, nkhuku zinatsinzina. Lachitatu ndi lija lobweza mawu ngati mapili a Kacholola, ndinalipotokola ndi mphamvu moti kulila kunadutsa mapili onse, kunafika ku Mozambiki, kunabwelako kukukamba Chipwitikizi. Lachinayi linakuza chipinda, kanyumba kathu kaja kanamveka ngati chalichi chopanda anthu, mphaka anagwada.

Ndiye imvani zimene zinachitika kunja, ndipo ngati ndinama thumba langali lisanduke mchenga: thonje la ku Ndake linaphulika lokha kunja kwa nyengo, nthochi za pamsika wa Nyimba zinapsa zonse n'kudzisenda, mathilaki okwela chitunda anazimitsa mainjini n'kumakwela ndi nyimbo chabe, abambo ena amene msana unauma kalekale anaongoka n'kugunda mutu kudenga, ndipo ng'ombe ija, imene inagulidwa kutali ku Kaumbwe, inadula chingwe, inabwela ikuvina mumsewu, manja ikanakhala nawo ikanakweza m'mwamba. Mpaka lelo ikamva kulila kuja imadzimanga yokha joko. Mukumva, Amake Tisa? Musandiyang'ane ngati ndakudyelani nkhuku.

Mabvuto anatuluka m'bafa sopo ali m'maso, thaulo m'manja, akukuwa, "Ambuya, musagwilenso! Musapume!" Anadina kabatani kotsekela mawu m'mimba mwa bokosi, kenako anakhala pansi n'kulila ngati mwana. Pa Chiwelu munaona nokha. Mkwati anayenda pamwamba pa mpunga osauponda, apongozi anavina mpaka wigi kugwela mu chibwantu chimene tinali kumwa, ndipo mkazi wa Mabvuto anabwela nalo yekha bokosi, pamutu, pankhata, atalifunditsa chitenge chatsopano.

Mwati chiyani? Munandiona pawindo ndili ndi kansalu konyowa m'manja? Inde, kansalu kanalipo. Chinthu chogula ndi ng'ombe chizikhala ndi fumbi ngati chagona pamsewu, ine ndili moyo? Ndinachipukuta, ndipo ine ndikapukuta ndimapotokola, funsani makutu a ana anga onse.

Manje Mabvuto akandiona ndanyamula kansalu amathamanga kukakhoma chitseko. Nsanje chabe. Koma mailo, dzulodzuloli, anabwela modzichepetsa, chipewa m'manja, akuti, "Ambuya, ndiuzeni chilungamo, makutu amene munagwila ndi ati?"

Ndinati, onse, mwana wanga. Fumbi linali ponseponse.

Sendezani thumba, Amake Tisa, chigayo chaitana ine.