Thumba la makoko la a Zelesi

Kuno ku Tsangano aliyense ankadziwa kuti alamu anga a Zelesi sankapita ku maliro opanda thumba. Ena ankanyamula ufa, ena nkhuni, koma iwo thumba lopanda kanthu. Kulira ankalira ndithu, ndisawanamizire, koma diso limodzi linkakhala kuseri kwa nyumba ya siwa, kumene amayi ankasenda mbatata ya kachewere. Khoko likangogwa pansi, a Zelesi atola kale.

"Alamu, pano ndi pa maliro," ndinkawanong'oneza, manyazi atandigwira.

"Omwalirawo sadya makoko. Ziweto zanga zimadya."

Ziweto zakezo zinali nyongolotsi.

Anayamba chaka chija feteleza anakwera mtengo mpaka tonse tinkangomuwonera m'sitolo. Anamva pa wailesi kuti nyongolotsi zimapanga manyowa, basi mutu unagwira. Pogulira bokosi loziwetera panalibe, ndiye anatenga sutikesi yachitsulo imene amuna awo, achimwene anga a Maynard, anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, n'kuiboola kunsi ndi msomali.

"Sutikesi imeneyo inakwerapo ndege," anadandaula a Maynard.

"Ndiye yayenda mokwanira. Ikhale pansi igwire ntchito."

Anayalamo makoko a chimanga ndi makatoni onyowa, n'kuthiramo ndowe zakale. Nyongolotsi anakafukula okha m'makola a eni ake, zofiira zija zokonda ndowe, chifukwa ankati za m'munda zimathawa ngati aganyu. Pamwamba anafunditsa chiguduli chonyowa. Khola linatha choncho.

Koma malamulo ake, abale, kuposa a kuchipatala. Tsabola ayi, anyezi ayi, mafuta ayi. Tsiku lina ndinawapititsira ndiwo zotsala, ine kuyesa ndikuchita chifundo. Anayamba alawa ndi chala.

"Muli mchere umu. Mukufuna kundiphera?"

"Ndi nyongolotsi izi, alamu, si odwala bipi."

"Inu mumadya mchere. Taonani mawondo anuwo."

M'mwezi wa Juni, kukazizira kuja koti madzi amaluma mano, a Maynard anapeza bulangete lawo litafunda sutikesi. Nkhani inakafika kwa akulu a mpingo. A Zelesi anangoti a Maynard ali ndi jekete, ali ndi mkazi, pamene nyongolotsi zilibe kanthu. Akulu a mpingo anabwerera ndi kabichi aliyense, mlandu osaweruza. Nanga tambala wanga atalowa n'kudyako nyongolotsi, a Zelesi sanandilankhule mpaka tsiku limene tinamupha. Anabwera okha kudzatenga ntchafu, amati akubweza ziweto zawo.

Tinkawaseka, inde. Koma kabichi wa kudimba kwawo ankachita kunyamulidwa ndi manja awiri. Manyowa ake anali akuda bii, osanunkha, ofewa ngati masamba a tiyi. Sutikesi ija inabala mabeseni obooka ndi zidebe zothyoka zigwiriro, zonse ndandanda pamthunzi. Aliyense wofuna ankamutapira nyongolotsi zodzaza dzanja, ulere. Ambirife tinkangolandira kabichi.

A Maynard ndiwo anatsogola. Chaka chino a Zelesi nawo anagwa. Tikuwakweza galimoto yopita ku chipatala cha ku boma, anandigwira mkono.

"Chiguduli chisaume, alamu."

"Ine ndili ndi zidzukulu zondidikira pakamwa, mawondo akukana. Ndatopa, alamu. Uzani wina."

"Zidzukulu zimalira zikamva njala. Izi sizilira. Zimafuna munthu wokumbukira."

Galimoto inanyamuka. Anabwerako ali m'bokosi.

Maliro awo anadzaza, ena kuchokera ku Mlangeni, ena kutsidya kwa malire. Kuseri kwa siwa makoko anaunjikana mulu wofika m'mawondo. Amayi ankasenda n'kumacheuka, kudikira dzanja lija. Mbuzi zokha ndizo zinabwera. Pamenepo m'pamene zinandipweteka, kuposa nthawi ya nyimbo.

Titachoka kumanda, mwana wawo Yamikani, amene amakhala ku Lilongwe, anati sutikesi ya bambo ake aitenga, zam'katimo akakhuthula kudzala. Ndinakavundukula. Chiguduli chinali gwa, chitauma. Nyongolotsi zinali zitakundikana pangodya imodzi, zowonda, zili chete. Ndinakhala pansi, mawondo akuwawa, ndikuganiza za ntchito zonse zondidikira kwathu. Kenako ndinapita kukatunga madzi.

"Azakhali, mukulimbana nazo chifukwa chiyani?" anafunsa Yamikani.

"Sutikesi udzatenga ine ndikafa. Tandipatsa thumba lili pamsomalilo."

Masiku ano maliro a kuno amatha msanga, ndipo kuseri kwa siwa kulibenso woseketsa anthu. Mayankho aja ine ndilibe. Munthu akandifunsa za thumba ndimangoti ndinasiyiridwa. Kuwerama kumandivuta, ndipo kutopa sikunathe. Chiguduli chokha n'chonyowa.

Dzulo ndinali pa maliro ena ku Mlangeni, pakati pa anthu osawadziwa. Ndinaima chapatali, thumba nditabisa m'chitenje. Mayi wina wosenda kachewere, osadzutsa n'komwe mutu, anakankhira makoko kumapazi kwanga.

"Tengani, mayi," anatero. "Mulibe mchere."