Mabuku a Che Amidu ndi Mathalauza Anga Awiri

Nkhani iyi ana anga saidziwa, ndipo mayi awo analonjeza kuti adzapita nayo kumanda. Koma poti ukalamba wandilanda manyazi pamodzi ndi mano, lekani ndidziyalutse ndekha.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wacheuka kaye usananene ngakhale zoti mvula yachedwa. Ine ndinali mphunzitsi wa Sitandade 7, ndikukhala ku Zingwangwa ndi mkazi wanga, mayi a Esinati. Pasukulu pathu panali patangochitika zoopsa. Mnzathu wina, a Kumwenda, anawatenga ali m'kalasi, choko chili m'manja. Anabwera amuna awiri a masuti n'kunena kuti angolankhula nawo pang'ono panja. Pang'ono pakepo panatha zaka. Chimene analakwa palibe anatiuza, ifenso sitinafunse. Njinga yawo inakhala itatsamira mtengo wa mango sabata ziwiri, aliyense akuopa kuigwira.

Mnzanga weniweni masiku amenewo anali Che Amidu, telala wachikulire amene ankasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Ali mnyamata anakhalapo ku Joni, choncho chizungu ankachimva kuposa ahedi athu. Kasitomala wawo wina, mzungu wa ku Amereka amene ankaphunzitsa ku sekondale, atauzidwa kuti achoke m'dziko muno msangamsanga, anawasiyira bokosi lodzaza mabuku.

Mabukuwo anali a mitundu iwiri. Ena anali a science fiction: maroketi, maroboti, anthu okhala kuseri kwa nyenyezi. Enawo anali olembedwa ndi anthu akuda a ku Amereka, onena za nkhanza za azungu, za apolisi, za munthu kukhala mlendo m'dziko limene anabadwiramo. Maso a Che Amidu anali atatopa ndi singano, ndiye ankandibwereka mabukuwo kuti ndiziwerenga n'kumawafotokozera.

Kufotokoza kokha sikunandikwanire. Ndinagula kope la chikuto chobiriwira n'kuyamba kulembamo ndemanga m'Chichewa, buku lililonse masamba atatu kapena anayi. Pamwamba ndinkalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti REVIEW, n'kudula mzere kawiri ndi rula. Loweruka lililonse ndinkakhala pa benchi ya makasitomala n'kumawawerengera chapansipansi, iwo akupalasa makina kuti phokoso libise mawu anga.

"Aphunzitsi, inu m'mutu mwanu muli zinthu," ankatero.

Ine ndiye kufufuma ngati chitumbuwa.

Ndemanga imene ndinkainyadira kwambiri inali ya buku lina la pulaneti yakutali. Kumeneko kunkalamulira nkhalamba imene madokotala ankaisinthira mtima ukangotopa, kuti isafe. Anthu ankaiombera m'manja mpaka zikhatho kutupa, ndipo amene wayamba kuleka kuomba ankasowa. Kumapeto kwa ndemangayo ndinalemba kuti, "Pulaneti imeneyi sikufunika roketi kuti munthu akafikeko." Che Amidu atamva anaimitsa makina n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandipempha kuti ndiwasiyire kopelo masiku angapo. Ndinawasiyira ndikumwetulira, ndi manja anga awiriwa!

Lachinayi lotsatira ndikuchokera kusukulu masana, ndinapeza mayi a Esinati ali chilili pakhomo, nkhope itayera ngati phulusa.

"Bambo a Esinati, kunabwera munthu."

"Munthu wanji?"

"Wa suti yakuda. Magalasi akudanso. Galimoto yoyera anaisiya kumsewu uko."

"Amati chiyani?"

"Amafunsa ngati pano ndi pa aphunzitsi a Makwinja amene amalemba za mabuku. Anati abweranso Loweruka teni koloko, musachoke."



"Ananyamula chiyani?"

"Kope. Lobiriwira."

Ndinakhala pansi pomwepo, pakhonde, ndi thalauza langa la kuntchito. M'mutu munangobwera chinthu chimodzi: telala uja amugwira, kapena wandigulitsa. Kupita kukamufunsa sindikanayesa n'komwe. Nanga ngati sitoloyo akuilondera?

M'nyumba munali mabuku ake oposa khumi. Ndinawatutira kuseri n'kuyamba kuwaotcha pa mbaula. Abale, buku silipsa msanga! Limangofuka, m'mbali mukuda, m'kati muli bwinobwino, mawu onse akuwerengeka. Utsi unakwera ngati ndikuotcha njerwa. Posakhalitsa pampanda panasuzumira mutu wa mayi woyandikana nafe, amene mwamuna wake anali tcheya wa chipani m'dera lathu.

"Aphunzitsi, mukuotcha chiyani masana ano?"

"Nsikidzi, mayi! Nsikidzi zatikwana!"

"Nsikidzi zokhala ndi zikuto?"

Ndinathira madzi pa mbaula, n'kunyamula mabuku onse, opsa ndi osapsa omwe, kuthamangira nawo kuchimbudzi. Limodzilimodzi ndinawaponya m'dzenje. Maroketi analowa, maroboti analowa, abale athu akuda a ku Amereka amene anavutika kale m'dziko lawo ndinawaonjezera mavuto ena ku Zingwangwa. Buku lina linali lonenepa kwambiri, linakana kulowa pabowo. Ndinalipondaponda ndi nsapato mpaka linagonja.

Lachisanu ndinaphunzitsa ngati mtembo. Galimoto ikangodutsa kumsewu, choko chinkathyoka.

Loweruka m'mawa tinakonzeka ngati pali maliro. Tinali titamva kuti kumene amatsekera anthu kumazizira ndipo munthu amagona pa simenti ndi zovala zimene wapita nazo. Ndiye ndinavala mathalauza awiri, malaya awiri, juzi, ndi jekete pamwamba. Umenewu unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Khadi ya chipani ndinaiika m'thumba la pamtima, baji pa kolala. Mayi a Esinati anandikazingira mtedza n'kundithirira m'masokosi. Mwana anakamusiya kwa achemwali awo kuti asaone bambo wake akukwezedwa galimoto.

"Mukakhala kumeneko zaka zambiri, ine ndizitani?" anafunsa akulira.

"Ubwerere kumudzi. Mwanayu asadzaphunzire kuwerenga."

Ndinkanena zoona, osati nthabwala.

Teni koloko yeniyeni kunamveka "Odi!"

Analowa mwamuna wamtali, suti yakuda, magalasi akuda, kope langa lili kukhwapa. Anandipatsa moni wa manja awiri n'kunena kuti dzina lake ndi Jafali. Ulemu umenewo unandiopsa kwambiri, chifukwa a Kumwendanso anawatenga mwaulemu. Anakhala pampando osavula magalasi. Mayi a Esinati anabisala kuseri kwa katani ya kuchipinda, zala za kumapazi zikuonekera pansi.

"Simukumva kutentha, aphunzitsi?"

"Malungo, bwana."

"Pepani. Ndisakutayitseni nthawi. Kope ili ndi lanu?"

"Likufanana ndi langa."

"Lili ndi dzina lanu."

"A Makwinja tilipo ambiri, bwana."

Anaseka pang'ono n'kulitsegula. "Ndawerenga lonse, tsamba ndi tsamba. Abwana anga awerenganso. Anandiuza kuti munthu ameneyu tisamusiye, ndikamupeze kulikonse kumene ali."

Thukuta linayamba kuyenda m'thalauza loyamba kulowera lachiwiri.

"Makamaka iyi ya nkhalamba yosintha mitima," anatero akutsitsa mawu. "Iyi ndiye inatikhalitsa chete tonse muofesi. Mukudziwa kuti imeneyi ndi nkhani yoopsa?"

"Ndi za kumwezi, bwana! Si za kuno!"

"Mwalemba nokha kuti sikufunika roketi."

"Ndimatanthauza kuti... kuti munthu angathe kupita pa ndege."

Anandiyang'ana ndi magalasi ake aja, ine ndikudziona ndekha kawiri m'menemo, kamunthu konenepa ndi zovala.

"Tikufuna mubwere ku ofesi Lolemba," anatero. "Zikayenda monga tikuganizira, mukhala nafe nthawi yaitali."

Kuseri kwa katani kunamveka kulira kotsamwa.

"Komanso tikufuna kudziwa ngati muli ndi anzanu ena amene mumachita nawo zimenezi. Abwana akuti tikapeza awiri kapena atatu zingakhale bwino kwambiri."

Apa ndiye pamene ndinathera. Sanandimenye. Sanandikalipire. Sanakweze n'komwe mawu. Ine ndekha ndinatsetsereka pampando n'kugwada pa simenti, mtedza ukukhuthuka m'masokosi.

"Bwana, ndinena zonse! Ine mabuku amenewa sindinawawerenge! Ndimangoona chithunzi cha pachikuto ndi mawu a kumbuyo, basi! Chizungu changa ndi cha Sitandade 7, very poor, funsani ahedi!"

"Aphunzitsi, dzukani..."

"Mabukuwo si anga! Ndi a telala wina wa pamsika, Che Amidu, wa ndevu zoyera, amasoka pakhonde la sitolo yachitatu kuchokera pa mpopi! Anamupatsa ndi mzungu amene anathamangitsidwa uja! Nzeru zonsezi ndi zake, ine ndimangogwira bolopeni! Za roketi zija ananena ndi iyeyo! Ena ali nawo m'bokosi pansi pa makina, mukapita pano muwapeza!"

Kunja nkhuku inalira.

Munthu uja anavula magalasi pang'onopang'ono. Maso ake anali ofiira, otupa, akutuluka misozi: nthenda ya maso ija imene inkazungulira m'tauni chaka chimenecho. Anawapukuta ndi kansalu n'kundiyang'ana.

"Che Amidu ndi amalume anga," anatero.

Anapinda kansalu kaja n'kupitiriza.

"Mayi anga ndi mchemwali wawo. Ndiwo anandipatsa kope ili. Ine ndimagwira ntchito ku kampani yosindikiza mabuku, tikuyamba kamagazini ka achinyamata. Timafuna munthu woti azitilembera tsamba la ndemanga za mabuku mwezi uliwonse. Amalume anati ali ndi mnzawo wanzeru, wolimba mtima, woti akungowonongeka ndi choko."

"Kamagazini?"

"Ee. Ya nkhalamba ija ndimafuna ndikuuzeni kuti muing'ambe lero lomwe, chifukwa ingakupweteketseni. Amalume sanakuuzeni kuti ndibwera?"

"Sindinapiteko."

"Anati akudikirani kuyambira Lachinayi kuti akuuzeni nkhani yabwino."

Ndinali chigwadire. Ndinayesa kuseka kuti zioneke ngati ndimachita nthabwala, koma chimene chinatuluka chinali ngati kulira kwa mbuzi. Iye anaimirira, n'kuvalanso magalasi, n'kubweza kope kukhwapa.

"Ndikanakhala amene mumandiganizirawo," anatero ali pakhomo, "bwenzi pano amalume ali m'galimoto."

Anatuluka osatsanzika. Mayi a Esinati anatuluka kuseri kwa katani, misozi itauma. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa mtedza mondizungulira, ngati ndine mwendo wa tebulo.

"Sitolo yachitatu kuchokera pa mpopi," anatero osandiyang'ana. "Mpaka ndevu. Munangotsala kuwajambulira mapu."

Panatha sabata zitatu ndikuzungulira njira ya kutali kuti ndisadutse pamsika. Koma Zingwangwa ndi yaing'ono kwa munthu wamanyazi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupita. Che Amidu anali akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu. Sanakweze mutu.

"Mwaswera bwanji, Che Amidu?"

"Ndaswera, aphunzitsi. Mwandipeza mosavuta? Ndamva kuti njira mumaidziwa bwino."

Ndinayamba kupepesa. Anakweza dzanja kuti ndileke.

"Mantha tonse tili nawo. Nanenso sindidziwa chimene ndikananena. Ingondibwezerani mabuku anga, tisiyane bwino."

"Mabukuwo... ali malo osungika."

"Kuti?"

"M'chimbudzi."

"Pashelefu?"

"M'munsi."

Makina anaima. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba, n'kunong'ona mawu ena m'Chiyao amene mpaka lero ndikuthokoza kuti sindinawamve. Kenako anawerama n'kutulutsa kope langa pansi pa mulu wa nsalu. Masamba a nkhalamba ija anali atawadula bwinobwino ndi sizasi. Pakati pa kopelo panali kansalu kofiira kosonyeza tsamba.

"Apa m'pamene ndinamuuza Jafali kuti ayambire kuwerenga," anatero. "Ndinati akaona apa adziwa kuti ndinu munthu wotani. Tawerengani mokweza, maso angawa saona bwino."

Inali ndemanga ya buku lina la ku Amereka, la munthu wakuda wonyamula katundu pa siteshoni ya sitima, amene mnzake, apolisi atamumenya masiku atatu, anamuneneza. Pansi pake, ndi dzanja langa, nditadula mzere kawiri, panali mawu awa, ndipo ndinawawerenga anthu akudutsa:

"Masiku atatu okha! Mwamuna wanji ameneyu? Ndikanakhala ine, akanandimenya chaka chathunthu osamva dzina la mnzanga."

Che Amidu anagwedeza mutu n'kubwezera phazi pa makina.

"Jafali akuti anayang'ana pa wotchi," anatero. "Inu zinakutengerani mphindi zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo moni."

Kulimba mtima kwa pa pepala n'kokoma, abale, bola pakhomo pasagogode munthu wa suti.