Mmene ndinavinira nyimbo yondinyoza

Anthu akandifunsa chifukwa chimene ndimatsikira minibasi panjira dalaivala akangoika nyimbo ina yake yakale, ndimawauza kuti phokoso limandidwalitsa mutu. Bodza. Mutu wanga ulibe vuto. Chimene chimandiwawa ndi mtima, ndipo nkhani yake inayambira pa Chimbiya matipate atangoyamba kumene.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa kampani ina yocheka matabwa m'munsi mwa phiri la Dedza. Ntchito yanga inali kudinda mapepala, koma mumtima ndinkadziona ngati katswiri wa nyimbo. Ndinali ndi makaseti odzaza katoni, komanso chikwama chakuda chachikopa chimene ndinkayenda nacho paliponse (mkati munkangokhala chipeso, cholembera ndi nyuzipepala ya mwezi watha, koma zimenezo ankadziwa ndani?). Zinali zaka zoti pakamwa pa anthu patseguka. Zimene kale tinkanong'onezana kuseri kwa nyumba zinayamba kuimbidwa pamsewu, ndipo aliyense wokhala ndi gitala ankalota zojambula kaseti.

Loweruka lina ndinatsika pa Chimbiya kuti ndigule kachewere. Kuseri kwa chigayo ndinamva nyimbo imene sindinamvepo chibadwire. Sinali ya kutchalitchi, sinalinso ngati za pawailesi. Inkamveka ngati anthu akukangana, koma mogwirizana. Nditazungulira ndinapeza anthu atatu. Gelesomu ankakhwacha banjo yopanga ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. A Chikhasu, mkulu wosoka nsapato, anali atakhalira babatoni, gitala lalikulu la waya mmodzi lija, akuligunda mpaka nthaka kunjenjemera. Woimba anali Esinati, mlongo wake wa Gelesomu, amene ankagulitsa kachewere pamsewupo. Mawu ake anali osasa koma olasa. Ankaimba za phungu amene anadzapempha mavoti pa njinga, nkudzadutsanso pagalimoto ya magalasi akuda osatsitsa ndi zenera lomwe.

Atamaliza ndinawayandikira, chikwama chili m'khwapa.

“Inu anthu, mukudziwa kuti ndinu golide?”

Esinati anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

“Golide ayi bambo, ndife a kwa Kaphuka. Kachewere mukufuna wa mulu kapena wa ndowa?”

Munthu wanzeru akanagula kachewere wake nkumapita. Ine ndinadzisankha ndekha kukhala manijala wawo. Palibe anandipempha, palibenso anandikana; anangoseka. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkafika pa Chimbiya. Esinati ankandikazingira kachewere pachiwaya, ine nkumadya uku ndikuwaphunzitsa za nyimbo (munthu woti ngakhale ng'oma ya kusukulu sindinaigwirepo). Ku Dedza ndinkauza aliyense wofuna kumva, ngakhalenso wosafuna, kuti ndili ndi gulu langa. “Ana amenewo ndinawatola ndine,” ndinkatero, ngakhale a Chikhasu anali a msinkhu wa bambo anga. Mawu amenewo ndinkawanenanso pamaso pawo.

Chimodzi chokha chabwino ndinachita, ndipo ndikufuna chidziwike. Ndinalembera kalata a Mwale, mnzake wa msuweni wanga, amene anali ndi situdiyo yojambulira nyimbo ku Lilongwe. Anayankha kuti adzadutsa pa Dedza pakatha masabata awiri, ndipo adzawamvera.

Apa ndiye misala yanga inakula. Ndinaganiza kuti munthu wa mutawuni sangamvere zigubu ndi mawaya a njinga. Ndinakabwereka gitala lenileni kwa akwaya a kutchalitchi kwathu. Ndinatenga matayi anga awiri, ya Gelesomu ndi ya a Chikhasu. Kenako ndinalemba ndekha nyimbo yachikondi, m'Chingelezi, ya ndime zisanu ndi imodzi.

“Babatoni ameneyu atsale,” ndinawauza a Chikhasu. “Akuoneka ngati bokosi la maliro.”

“Achimwene,” anayankha mofatsa, “chimenechi ndakhala nacho zaka zambiri kuposa mkazi wanga. Ndikachisiya, manjawa ndikawaika kuti?”

“Muziomba m'manja.”

Esinati anatenga pepala la nyimbo yanga, nkulitembenuza uku ndi uku.

“Kodi bambo, ndikamaimba chizungu chimenechi, anthu adzadziwa chimene chikundiwawa?”

“Ku Lilongwe safuna zowawa, mayi. Amafuna zapamwamba.”

Anangoyang'anizana ndi mlongo wake. Lero ndimadziwa tanthauzo la kuyang'anana kumene kuja. Tsikulo ndinkayesa ulemu.

Tsiku lija linafika ndi kamphepo kozizira ka mu Juni, kolowa mpaka m'mafupa. Tinakumana masana pakhonde la sitolo ya a Saidi, pa boma, amene anatibwereka benchi ndi mpando umodzi wa alendo. Anthu anadzaza, chifukwa ndinali nditalengeza tawuni yonse. A Mwale anatsika m'galimoto yawo, nkukhala pampando paja manja ali m'matumba a jekete.

Atatu aja anayamba nyimbo yanga. Abale, ndinavutikapo pamoyo, koma mphindi zimene zija sindidzaziiwala. Gelesomu ankalimbana ndi gitala la akwaya ngati munthu wogwira nkhuku ya eni. Tayi inali itawatsamwitsa a Chikhasu, akuomba m'manja ngati ali pamlandu. Esinati ankatafuna chizungu changa liwu limodzilimodzi, maso ali papepala, nkhope ili gwa. Pofika ndime yachitatu ana anayamba kuseka. Pofika yachinayi a Mwale anayang'ana wotchi.

“Akulu,” anandiuza atandikokera pambali, “zoterezi ku Lilongwe zilipo zambiri, ndipo kumeneko amaziimba bwino. Mwandiimitsira zimenezi?”

Ndinawapempha kuti asanyamuke kaye. Ndinathamangira kugolosale ya kuseri kukawagulira chakumwa, ndikuganiza zoti ndikawanamize chiyani. Mumtima ndinkatukwana Esinati kuti wandiwonongera nyimbo.

Pobwerera, ndisanakhote pakona, ndinamva nthaka ikugunda. Babatoni! Kani a Chikhasu anali atamubisa m'ngolo ya munthu wina, pansi pa matumba a kabichi. Matayi anali atatayidwa pabenchi. Banjo ya chigubu inkalira ngati yapsa mtima, Esinati akuimba maso ali kumwamba, khamu lonse likuvina. A Mwale anali ataimirira, manja atatuluka m'matumba, akugwedeza mutu.

Apa ndinaona kuti ulemerero ukundidutsa. Ndinasiya botolo pansi, nkudumphira pakati pa bwalo. Ndinavina, abale. Ndinatyola chiuno chimene mkazi wanga sankadziwa kuti ndili nacho. Ndinanyamula chikwama pamutu nkumazungulira nacho, ndikukuwa kuti, “Ndi ana anga awa! Ndinawatola ndine!” Anthu anafuula, amayi ena mpaka kugwirana kuti asagwe ndi phwete. Ine ndinkati akusangalala ndi kavinidwe kanga, ndiye ndinawonjezera moto. Mawu a nyimbo sindinkawamvera; ndinangogwira poti “ngati bowa, ngati bowa”, nkumavomera nawo mokweza kuposa aliyense.

A Saidi ndi amene anandimvera chisoni. Anandikoka jekete.

“Bwana, pepani. Mawuwo mwawamva koma?”

Ndinaima, wefuwefu, nkutchera khutu. Esinati ankaimba kuti:

Achikwama afika, kazingani kachewere,
Akuti anatitola ife ngati bowa,
Mvula sanagwetse ndiwo, nkhalango si yawo,
Chikwama chalemera ndi mphepo yokhayokha.

Ndinatsitsa chikwama chija pamutu mofulumira, ndipo mwina chifukwa cha kugwedezeka konse kuja, loko wake anamasuka. Chipeso chinagwa. Cholembera chinagwa. Nyuzipepala yakale ija inauluka ndi mphepo nkukakola pamwendo wa a Mwale. Munalibenso china choti chigwe. Khamu linaona lokha kuti nyimboyo sinkanama.

A Mwale ankapukuta misozi ndi mpango.

“Izi ndiye ndimafuna!” anatero kwa Gelesomu. “Mubwere Lolemba. Ndipo wachikwamayu mwamuphunzitsa bwino kwambiri, ndimayesa ndi zenizeni.”

Palibe anawawongolera. Inenso sindinawawongolere. Ndinatola chipeso changa nkudutsa njira ya kuseri kwa msika.

Lolemba anapita okha. Kaseti itatuluka, nyimbo ija inalowa m'minibasi zonse za pakati pa Dedza ndi Lilongwe. Kuntchito, ndikamalowa pageti, anyamata ocheka matabwa ankayamba kuimba mluzu. Abwana anga enieni tsiku lina anandiitana kuti, “Achikwama, tabwerani ndi mapepala aja,” kenako nkupepesa, zimene zinandiwawa koposa. Kunyumba mkazi wanga sankatchula kanthu, koma tikasemphana mawu pang'ono, ankapita kukatsuka mbale akung'ung'udza kanyimbo kaja.

Patatha mwezi ndinalimba mtima nkupita pa Chimbiya. Esinati ndinamupeza pamalo ake akale, akupanga milu ya kachewere ngati palibe chachitika.

“Mayi, zimene munandichita zija ndi zabwino? Amene anakuitanirani a Mwale si ine?”

“Ndinu bambo, ndipo tinathokoza. Gelesomu anabwera kwanu ndi nkhuku, munakana kutuluka.”

(Zimenezo zinali zoona. Ndinabisala kuchipinda.)

“Nanga kundiimba pagulu?”

“Dzina lanu tinalitchula?”

“Ayi.”

“Nyimbo ija tinkangoimba tokha mukachoka, kuti mtima utsike. Tsiku lija tinaona mlendo akupita, ndiye tinaimba imene inali pafupi. Anthu sakanadziwa n'komwe kuti ndinu. Koma munalowa nokha m'bwalo, chikwama pamutu.” Kenako anawonjezera mosaseka: “Miyezi itatu munkabwera kuno, bambo. Munatifunsako tsiku limodzi kuti ife tikufuna chiyani?”

Ndinagula mulu umodzi wa kachewere kuti ndisaoneke ngati ndathawa, ndipo anandiikira basela, zimene mpaka lero sindidziwa ngati chinali chisoni kapena chipongwe china.

Gulu lija silinakhalitse. A Chikhasu anamwalira patapita zaka zochepa, Gelesomu anapita ku Joni, Esinati anabwerera kumunda. Anajambula kaseti imodzi yokha, ndipo pa nyimbo zonse zimene zinali mmenemo, za aphungu, za njala, za feteleza, imene anthu amakumbukira ndi ya ine. Ndinaphunzirapo kuti ng'oma ikamalira, yamba wamva mawu usanatyole chiuno. Zoti ndinawakhululukira, sindinganame, sindinatero. Koma chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti nyimbo ija ndi yokoma. Dzana lomweli ndinadzipeza ndikuiimba kubafa, ndipo ndinafika nayo mpaka kumapeto.