Mapu anga ndi ufa wa amalume

Mpaka lero ndikangotambasula mapu m'nyumba mwanga, mkazi wanga amatuluka n'kukasekera kuseri kwa khitchini. Sindimukalipira ayi. Ali ndi chifukwa chake, ndipo lero ndati ndikuuzeni ndekha iye asanandionjezere mchere.

Zinachitika chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate. Ndinali mphunzitsi wachinyamata, mkamwini kumudzi kwa mkazi wanga Nachisale cha ku Dzoole. Kenaka anandisamutsira kusukulu ina pafupi ndi Dowa Boma, nyumba yamalata n'kundipatsanso. Koma mkazi satengedwa ngati thumba la chimanga. Pamafunika chilolezo cha chitengwa, ndipo mwini mbumba anali amalume ake, a Ziyenda. Ankhoswe anga akapita, yankho linali limodzi: "Tiona." Kumbali amalumewo ankati munthu wamabuku sangasamale mwana wa eni. (Izi ndinazimva kwa Nachisale yemweyo, amene nkhani yopweteka samayisunga mpaka mawa.)

Amalumewa anali ndi chinthu chimodzi chowadya mumtima. Agogo awo ankawasimbira za phiri lina la kumbali ya Ntchisi, kumene abale awo anathawira nthawi ya nkhondo za Angoni. Akuti anamanga linga, n'kumagubuduzira adani miyala kuchokera pamwamba. Mkulu wawo wa agogowo anatsala komweko. Amalume anali asanapondeko, ndipo dzina la phirilo linali litawathawa. Akalawako kamowa pang'ono ankati, "Ndifa ndisanakamupatse moni m'bale wangayo."

Tsono ine ndinali nditagula buku kwa mavenda ku Lilongwe, lolondolera alendo malo akale, lopanda chikuto, lolembedwa ndi mzungu wina nthawi ya atsamunda. M'kati mwake munali mapu opinda. Pakati pa Dowa ndi Ntchisi panali timalupanga tiwiri topingasana, chizindikiro cha pamene panamenyedwa nkhondo. Nditationa, mumtima ndinati basi, mkazi ndatenga.

"Malume, phiri lanu lija ndalipeza. Lili m'bukumu."

"Phiri lonse, m'buku?"

"Ndikunena njira yake."

"Chabwino akamwini. Tsogolani."

Tikunyamuka, Nachisale anandinong'oneza kuti, "Mukafika uko muzikafunsa anthu." Ndinamuyankha kuti amafunsa ndi amene alibe mapu. (Mawu amenewa amandikumbutsa chaka chilichonse, nthawi zina pamaso pa alendo.)

Tinakwera matola mpaka pamsika wina, kenaka wapansi. Amalume anavala jekete yakutchalitchi, m'thumba atamanga kaufa pakansalu koti akathire nsembe. Ine patsogolo, mapu m'manja, chifuwa panja.

Mavuto anayamba msanga. Msewu umene mzungu uja anajambula tinaupeza uli munda wa fodya. Mtsinje umene mapu ankati tiwoloke kamodzi tinauwoloka, patapita nthawi n'kuuwolokanso. Mapiri akumeneko nawo ngofanana ngati ana a mayi mmodzi. Tikakumana ndi munthu, amalume ankayamba kumupatsa moni wautali kuti afunse, ine n'kudula msanga: "Tatsala pang'ono, malume." Pena pake ndinazindikira kuti mapu ndawagwira mozondotsa. Ndinawatembenuza mwakachetechete, ndikunamizira kudzikupiza kamphepo.

Dzuwa litapendeka tinafika m'tsinde mwa kaphiri kena, ndipo ndinatsala pang'ono kuvina. Panali mulu waukulu wa miyala, yosanjikizidwa mwaluso, ina yaikulu ngati maungu.

"Malume, ndi pano! Onani miyala yomwe ankagubuduza ija!"

Uphunzitsi unandikwera. Ndinawaonetsa kumene Angoni anadzera, kumene amayi anabisa ana, ngakhale mwala umene ndinati uli ndi chipsera cha mkondo. M'buku munalibe zonsezi, koma pakamwa panga zinkangotuluka.

Amalume anavula chipewa, nagwada pafumbi ndi thalauza lawo labwino lija, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono. Anamasula kansalu kaja nayamba kuthira ufa.

"Agogo, ndine Ziyenda, mdzukulu wa mng'ono wanu. Ndachedwa kubwera, mundikhululukire. Kumudzi tilipo. Mbumba yanu inachuluka."

Misozi inayamba kutsika m'masaya mwawo. Kunena zoona, nane maso anandinyowa. Ndinali ndisanawaonepo chonchi, ndipo pamenepo ndinawakonda nkhalamba imeneyi ndi mtima wonse.

Ndiye kunamveka nthungululu.

Amayi ambirimbiri ankatsika kuchokera kumudzi wapafupi, ena akuthamanga ana ali kumsana. "Afika! A mjigo afika!" Anationa patali ndi chipepala changa chija. Mayi wina wamtali, wa mpango wofiira, anagwada patsogolo panga.

"Takulandirani abwana. Miyala ndi imeneyi monga munanenera, mchenga uli apo. Nanga simenti ikubwera pambuyo?"

Zinapezeka kuti pa kampeni, wina wofuna uphungu anawauza kuti asonkhe miyala, iye adzabweretsa okumba mjigo. Amayiwo anaitutira pamutu kuchokera kumtsinje, ndipo chiyambire ankangoyang'ana kunjira. Linga langa lakalekale linali lisanathe ngakhale mvula ziwiri.

Mayi uja anasuzumira amalume, amene anali chigwadire, manja ali mbuu. "Nanga agogowa akuthira ufa, ndi mmene mumayezera madzi masiku ano?"

Ndinatsegula buku, ndinalitseka. Ndinafunsa ndi timawu tatimphepo ngati kuno kuli linga la nthawi ya Angoni.

"Linga? Kuno phiri lililonse lili ndi lake. Inu mukufuna la ndani?"

Amalume anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, nafotokoza okha zonse mwaulemu. Nkhope za amayi aja zinagwa, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa manyazi anga. Kenaka mmodzi anaphulika kuseka, ena n'kutsatira mpaka kugwirana mapewa. Anatipatsa nthochi ndi madzi a pachitsime chawo, ofiirira ngati tiyi. Wa mpango wofiira uja anati, "Ufawo usiyeni pomwepo. Mwina mizimu n'kutikumbira mjigowu, poti amoyo akanika."

Pobwerera anatilozera njira yachidule, ndipo sindinatsutse. Amalume ankangoyenda patsogolo osandicheukira. Pamatola ndinakhala kumbuyo kwenikweni, ndikudziona ndekhandekha m'nyumba yamalata ija, ndikudziphikira nyemba zosapsa. Munthu amene wagwaditsa mwini mbumba pamiyala ya mjigo angapemphenso chiyani?

Titatsika, tikuyandikira mudzi, ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinayesa akulira. Anali akuseka mpaka kutsamira mtengo.

"Akamwini, musadandaule. Ngati agogo aja ali m'mapiri amenewo, andimva. Sanali ogontha." Anapukuta m'maso. "Inu nokha ndi amene munavutikapo kundiperekeza, ngakhale munandiperekeza kolakwika. Mawa uzani ankhoswe anu abwere. Nachisale mumutenge."

"Zoona malume?"

"Koma mumvetse. Sindikukupatsani kuti mukamusamale. Ndikumutuma kuti akakusamaleni. Inu mukapita nokha ku Dowa, tidzakupezani ku Kasungu."

Ndi mmene ndinatengera mkazi wanga, osati chifukwa cha nzeru koma chifundo. Amalume anatisiya kalekale, phiri lenilenilo asanalione, ndipo ndimawasowa.

Mapu aja ndikadali nawo. Ndawapenda kambirimbiri, ndipo ndikukhulupirira kuti tinaphonya ndi phiri limodzi lokha. Ndikamuuza Nachisale kuti tipite tikatsimikize, amavomera bwinobwino. Amangoti iye ndiye azikafunsa njira, ine ndizikanyamula ufa.