Ndinathamangitsa Njovu ya Eni Ake ku Ulaya

Nkhaniyi ngakhale m'buku langa la zinsinsi ndinailemba ndi pensulo, kuti mwina tsiku lina ndidzaifufute.

Ndili Fomu 3, sukulu yathu ya mpingo inanditumiza ku Ulaya kukaphunzira miyezi itatu. Anasankha ine chifukwa ndine wofatsa (aphunzitsi anatero pamaso pa onse). Pondiperekeza kudepoti ya Kasungu, amayi anangoti, "Mwanawe, usakatichititse manyazi. Ukaona chachilendo, tseka pakamwa."

Ndinatsekadi. Banja limene linandisunga, la mtsikana wina dzina lake Emma, linkangomva mawu awiri kwa ine: zikomo ndi pepani.

Loweruka lina anati tipite kumalo kumene amasunga nyama zakutchire m'makola.

"Ukaone njovu, mwina wazisowa," anatero amayi a Emma.

Eya, ndinazisowadi. Kwathu n'kufupi ndi mpanda wa paki ya nyama ya Kasungu, njira ya ku Lifupa. Chaka chimenecho bambo anaima pamzere masiku atatu kuti apeze feteleza wa makuponi, chimanga chinachita bwino, kenako njovu zinabwera kudzatithandiza kukolola. Anthu achifundo.

Tinalowa (analipira, anthuni, kulipira kuti aone njovu!). Inali imodzi, yonenepa, yosalala ngati amaidzoza mafuta, ndipo inali ndi dzina. Woisamalira anabwera ndi ndowa yachitsulo yodzaza chimanga chachiwisi, n'kupatsa Emma chimodzi kuti aidyetse.

Nditaona chitamba chikutambasukira chimangacho, mutu wanga unabwerera kumunda kwathu. Kwathu njovu ikayandikira chimanga sufunsa munthu, umamenya chitsulo chilichonse chimene chili pafupi. Ndinakhuthula ndowa ija, n'kulanda ambulera ya bambo a Emma. Ngwe! Ngwe! Ngwe!

"Choka! Choka, mbava iwe! Choka!"

Njovuyo inandiyang'ana pang'ono, n'kuyamba kutola chimanga chimene ndinaikhuthulira. Inkatafuna mosafulumira. Anthu onse ankandiyang'ana. Ambulera inali itapindika.

Amayi a Emma anandigwira paphewa, maso ali ndi misozi.

"Mwana wanga, kodi umu ndi momwe mumalonjerera njovu kwanu?"

Apa m'pamene ndikanati, "Ayi, ndinachita mantha." Koma munthu wotumidwa ndi sukulu yonse angavomere kuti wachita misala pagulu? Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Nanga mawuwo akutanthauza chiyani?" anafunsa Emma.

"Takulandirani, agogo," ndinayankha chapansipansi.

Lolemba ndinapeza kalasi yonse ikundidikira, aliyense ndi ndowa yake, aphunzitsi atakonzeka kulemba za chikhalidwe cha Amalawi. Ndinawaphunzitsa. Anagwira msanga, ana anzeru (ena anaikamo ndi mawu a besi).

Tsiku lobwerera, anzanga anandiperekeza kubwalo la ndege, ndipo anaona kuti n'chaulemu kunditsanzika ndi nyimbo ya kwathu. Ndowa analibe, koma ankaomba m'manja, onse akundiloza ine: "Choka, mbava iwe! Choka!"

Patsogolo panga pamzere panali bambo wina wa tayi. Anatembenuka.

"Iwe, ndiwe wa kumudzi?"

"Eya, bambo. Wa ku Kasungu."

Anayang'ana anzanga aja, anandiyang'ana ine, kenako anasuntha chikwama chawo n'kuchikumbatira pachifuwa. Sanachisiye mpaka ku Lilongwe.

Ndinaphunzira kuti bodza la munthu wamanyazi limakula kuposa la wolongolola. Komabe amayi atandifunsa ngati ndinakhala bwino, ndinagwedeza mutu.